Chala cha a Ndafikakale

Bambo anga anali mesenjala m'nyumba ya maofesi ya nsanjika zambiri, ndipo chikepe sankachikwera. Ankati chimachedwa. Ukawatuma ndi envelopu kumwamba, usanakhale n'komwe pansi wamva kale nsapato zawo zikutsika masitepe. Anzawo anawapatsa dzina loti a Ndafikakale. Ndili wamng'ono ndinkawadikira pakona pa msewu wathu, ndipo akandiona ankaliyatsa liwiro, tayi ili paphewa, n'kundinyamula osaima.

Sitiroko inawagwira chaka chimene ndinabereka. Inatenga mwendo ndi mkono wakumanzere, n'kuwasiya pampando wapulasitiki pafupi ndi khomo, m'chipinda chathu choyang'ana kumsewu. Bambo a mwana anapita kutali kukasaka ntchito, ine ndimasita zovala kumalo ochapira, ndiye mwana ndinkamusiya ndi agogo akewo. Timamutchula Kanyerere, poti palibe mpata umene sangadutsepo. Pakhomo ndinkapingasapo thabwa.

"Pita iwe, uchedwa," ankatero bambo. "Miyendo ndilibe, koma maso ndi pakamwa zilipo. Akazi anga aang'onowa sangandithawe."

Gemu ya pafoni anawaonetsa ndi mayi osoka a khomo loyandikana nalo. Palibe choika m'foni, umangotsegula tsamba pa intaneti n'kutulukira kamunthu kakuthamanga mumsewu wosatha. Ukakhudza galasi kamalumpha mgolo, ukakokera chala pansi kamawerama kudutsa kunsi kwa chitsulo. Kakagunda chinthu kamayambiranso. Mayiwo amasewera podikira kasitomala, pang'ono chabe, n'kuiwala. Bambo ayi. Ankaika foni pantchafu, chala chachikulu chili chire pamwamba, ndipo phewa lawo labwinolo linkakwera nthawi iliyonse kamunthuko kakalumpha. Mwina mpaka wefuwefu.

"Aka n'kaulesi," ankadandaula. "Pokhota ngati apa ine sindinkachepetsa liwiro."

"Ndiye lowanimo mukakaphunzitse, a Ndafikakale," ankayankha mayi osoka ali ndi mapini pakamwa.

"Ingondikankhani, mayi, ndilowa."

Ndinkaseka nawo, koma maso anga ali pathabwa lija. Ndinali nditaona kuti akayamba kusewera sacheuka. Kuntchito ndikamva galimoto ikumanga mabuleki panja, ayironi inkaima m'manja mpaka malaya a eni kuyamba kununkha. Komabe kuwalanda foni kunkandikanika. Kuyambira pamene anadwala, nkhope ya bambo anga enieni ndinkaiona pokhapokha akamasewera.

Tsiku lina masana ndikuchokera kuntchito ndinapeza anthu ataunjikana pakhomo pathu. Ndinathamanga n'kudutsa pakati pawo. Kenako ndinamuona Kanyerere m'manja mwa mayi osoka, akuyamwa chala, wopanda ndi kabala komwe. Bambo anali atawakhazika pansi, atatsamira felemu ya chitseko, chibwano chikuchucha magazi. Ndodo yawo inali pakhoma pomwe ndinaisiya m'mawa.

Mwanayo anali atakwera thabwa n'kufika m'mphepete mwa msewu. Mayi osoka anatuluka atamva chiphokoso cha munthu kugwa, ndipo anamugwira diresi phazi lili kale paphula.

Anthu atabalalika ndinagwada n'kuyamba kuwapukuta magazi.

"Bwanji simunakuwe, ababa? Si munati pakamwa palipo?"

Anayang'ana mwendo wawo wakufawo nthawi yaitali.

"Ndinali ndikuthamanga, mwana wanga," anatero. "Nditadzutsa mutu n'kumuona ali uko, ndinangoti ndipitirize ndikamutenge. Ndinaiwala."

Sindinawakalipire. Mawa lake ndinagwirizana ndi mayi osoka kuti mwana azikhala kwawo, chitseko chotseka, ine ndiziwasitira zimene asoka. Nditawauza bambo anangogwedeza mutu, n'kufunsa ngati mayiwo akudziwa kuti Kanyerere sagona popanda kumusisita kumsana.

Tsopano pakati pa iwo ndi mdzukulu wawo pali khoma. Foni akadali nayo, ndipo amasewerabe. Koma mayi osoka akaimitsa makina, mawu a mwana amamveka bwinobwino kuseriko, ndipo ndawaonapo Loweruka lina nditaweruka msanga: chala chimaima m'mwamba, mutu n'kupendekera kukhoma, kamunthu kaja n'kukadziwomba pamgolo popanda wokathandiza.

M'mawa uliwonse amakhala atasamba kale kumaso, malaya atamanga mabatani ndi dzanja limodzi mpaka m'khosi.

"Akazi anga adzere kuno kaye, ndiwaone."

Ndimamuimika patsogolo pawo. Amamukonza kolala, amamufunsa ngati kwa mayi osoka akumudyetsa bwino, iye n'kumawakoka ndevu.

"Tamusiya pang'ono, akhale pamwendo apa," amatero. "Ukavale nsapato."

Nsapato zili kuchipinda, chitseko chakumsewu chili pululu. Ndimawauza kuti ndavala kale. Amayang'ana mapazi anga, ndipo ine dzanja la mwanayo sindilitaya.