Chingwe cha Madala a ku Chatham

Ku Highfields, dera lina la mu Leicester, nyumba n'zophatikizana ngati mano a chipeso. Munthu akatsokomola kuseri kwa khoma, umamva ngati ali m'chipinda mwako. M'nyumba yathu tinkakhalamo akazi anayi, tonse osamalira odwala ndi okalamba, ndipo wamng'ono ndinali ine. Chipinda changa chinali chapamwamba, chakumbuyo. Pawindo ndinkaona timabwalo ta nyumba zambirimbiri, mabini, njinga ndi zovala zokana kuuma.

Sutikesi yanga sindinkaimasula yonse. Chizolowezichi ndinachitengera kwa agogo amene anandilera makolo anga atamwalira. Ku Ndirande tinkangokhalira kusamuka, chifukwa agogo sankatha chaka osakangana ndi anzathu a lendi: lero mpopi, mawa makala, mkuja mwana wa eni. Iwo ankalalata, ine n'kumaonerera chete, kenako n'kumanga katundu. Ndinakula ndikudziwa kuti pakabuka nkhani, mankhwala ake n'kuchoka.

Pakati pa nyumba yathu ndi yoyandikana panali kanjira kopapatiza ka geti limodzi, kotulutsira mabini. M'nyumba inayo munkakhala madala ena achizungu, munthu mmodzi yekha. Kwawo kunali ku Chatham, kumene ankapota zingwe padoko lokonzera sitima zankhondo. Dokolo litatsekedwa anatsatira akazi awo kuno ku Leicester, mzinda wopanda nyanja, n'kulowa ntchito pafakitale ya masokosi. Akaziwo anamwalira, fakitale inatha, iwo anatsala. Masana sankakhazikika. Ankayenda mpaka kungalande kukaona timaboti, n'kubwerako akunyoza timabotito kuti ndi mabafa osambiramo.

M'kanjira kaja, pamsomali waukulu, pankakhala chingwe chawo, chonenepa kuposa chala chachikulu, chokulungidwa bwino, chonunkha phula.

Loweruka lina kunawala dzuwa, tonse tinachapa. Wamkulu m'nyumbamo anali namwino wa ku Kasungu amene tinkangowatchula kuti anti. Iwo anasowa poyanika mabulangete. Anati chingwe chija changokhala chibwerere iwo, ndipo kwathu chinthu chongokhala pamalo a tonse chimagwiritsidwa ntchito, mwini wake amauzidwa pambuyo. Anandipatsa mpeni wodulira nyama kuti ndichidule pawiri, tipeze poyanika pawiri. Ine ndinkadziwa kuti madala amachitsitsa chingwecho Lamlungu lililonse n'kuchipukuta ndi kansalu, chifukwa ndinkawaona pawindo. Sindinanene. Ndinacheka mpaka dzanja linawawa, chingwe n'kuduka.

Madala atabwerako kungalande ndinali pawindo pomwepo. Anaima pamsomali nthawi yaitali. Kenako anasuzumira kubwalo kwathu, anaona mabulangete akulendewera, n'kulowa m'nyumba. M'mawa mwake pageti panali loko watsopano.

Kuyambira pamenepo mabini tinkawadutsitsa kukhitchini ndi pabalaza kuti akafike kumsewu. Anzanga ankadandaula za fungo. Ine chinkandivuta china. Madala anasiya kupereka moni, anasiyanso kupita kungalande. Ndinkawamva kuseri kwa khoma akuyenda kuchoka kuchitseko kupita kuwindo, kuchoka kuwindo kupita kuchitseko, tsiku lonse. Pansi panandikana. Pochokera kuntchito ndinkatsika basi patali n'kumazungulira misewu ina kuti ndisadutse pakhomo pawo. Pasanathe milungu iwiri, mayi wina wa kutchalitchi anali atandipezera chipinda ku Braunstone, mbali ina ya mzindawu.

Anti anandipeza ndikupinda mayunifolomu. Anafunsa za ulendowo, ndipo ndinati kumeneko n'kufupi ndi kuntchito.

"Bodza limenelo, mwanawe. Ukuthawa chingwe," anatero. "Wotuma ndine, wodula ndiwe. Tikapepesa tonse. Ukashifta pambuyo pake ngati ukufunabe."

Anati munthu wamkulu sapepesedwa chimanjamanja, pamafunika nkhuku. Yamoyo kunalibe koipeza, choncho tinagula ya mufiriji kushopu yapakona, yolimba ngati mwala. Tinavala zitenje pamwamba pa mathalauza. Pakhomo paja anti anayamba ndi odi, kenako anakumbukira n'kuliza belu. Chitseko chitatseguka tinagwada pasimenti, pamsewu penipeni, anthu opita kumzikiti akutilambalala.

Madala anaganiza kuti anti agwa. Anawerama kuti awadzutse, akufunsa ngati ayitane ambulansi. Anti anafotokoza m'Chingelezi kuti umu ndi mmene timapepesera kwathu, n'kupereka nkhuku ndi manja awiri. Madala anaiyang'ana n'kufunsa ngati kwathuko sitima timazimangirira ndi nkhuku. Anti anaseka. Madala sanaseke. Anafunsa amene anagwira mpeni.

"Ndine," ndinatero. "Ndipo ndinkadziwa kuti si chingwe chotayidwa. Ndinkakuonani mukuchipukuta."

Anti anatembenuka n'kundiyang'ana, chifukwa zimenezi iwonso sindinawauze. Mawondo anga ankamva kuzizira kwa simenti. Ndinkangoganiza za sutikesi ili pabedi.

Madala anatiuza kuti tidzuke, tikuwachititsa manyazi. Ali chiimire pakhomopo, ananena kuti chingwecho anapota ndi anzawo atatu mlungu womaliza doko lisanatsekedwe, ndipo atatuwo onse anapita. Nkhuku anauza anti kuti akaiphike okha, iwo mano alibe. Ine anandiuza kuti Loweruka ndidzabwere ndi zidutswa zonse ziwiri.

Aka kanali koyamba kulowa m'nyumba yawo. Inali ngati yathu ndendende, koma yotembenuzidwa, masitepe kumanzere m'malo mwa kumanja. Ndinkayembekeza kuti timanga mfundo. Anati mfundo ndi ntchito ya anthu oyanika mabulangete. Chingwe chimalumikizidwa pomasula nsonga zake, n'kulowetsa timinyewa ta mbali iyi m'kati mwa ta mbali inayo, kamodzikamodzi, mpaka ziwirizo zigwirane zokha. Zala zawo zinali zotupa ndi nyamakazi, sizikanatha. Iwo ankaloza ndi kachitsulo kosongoka, ine n'kumaluka. Ndikalakwitsa sankakalipa. Ankangoti ndimasule, tiyambirenso.

Zinatenga Maloweruka atatu. Loweruka lachiwiri, mayi wa kutchalitchi uja anaimba foni chingwe chili pamiyendo panga, kunena kuti mwininyumba wa ku Braunstone akufuna yankho tsiku lomwelo. Ndinayang'ana nsonga zomasulidwa zija, zitayanzika ngati tsitsi losaluka. Ndinadziwa kuti ndikachoka palibe wina adzazimalize. Ndinati chipindacho apatse wina. Nditadula foni ndinamva ngati ndaphonya basi yomaliza. Madala sanamve Chichewacho. Anangondiuza kuti ndadumpha kamnyewa kamodzi.

Titamaliza anaponda mbali imodzi ndi phazi n'kukoka inayo ndi mphamvu zawo zonse. Sichinasunthe. Anati polumikizapo patupa ngati njoka yomeza khoswe, ndipo kudoko kapitawo akanachitaya m'madzi pamodzi ndi ine. Anachikulunga okha, pang'onopang'ono, n'kuchipachika kuseri kwa chitseko cha pabalaza pawo. M'kanjira sichinabwererenso.

Loko uja sanamuchotse. Pondiperekeza anapisa m'thumba n'kundipatsa kiyi mmodzi. Anati ndi wanga, osati wa anti, ndipo ndikatulutsa mabini ndizikhoma.