Dzanja la Abambo Layamba Kunjenjemera

Lachinayi, 6 Juni

Ndadzuka mtima uli m'mwamba ngati tsiku la mayeso. Kunja kunali nkhungu, ndipo abambo anali pakhonde akulimbana ndi mabatani a jekete. Dzanja lawo lamanja limanjenjemera. Andifunsa katatu ngati ndamasula mbuzi, ndipo katatu konseko ndayankha ngati akufunsa koyamba.

Mu Novembala chaka chatha, abambo ankakhoma denga la golosale ina kumsika. Lata limene ananyamula linakhudza waya wa magetsi, iwo n'kugwa pansi, kukomoka. Anapsa m'dzanja ndi kuphazi. Pofika Khirisimasi mabala anali atapola. Tinapereka misa yothokoza, nkhani n'kuthera pomwepo.

Koma chikololereni chimanga, abambo sali bwino. Amati miyendo imachita dzanzi, mutu suwasiya. Lamulungu lapitali anaimirira kuti awerenge mawu kutchalitchi monga achitira zaka zonsezi, koma anaima pakati pa chiganizo, kumangoyang'ana buku. Mayi wina kumbuyo kwanga ananong'oneza mnzake kuti, "Kachasu ayamba liti bambowa?" Chonsecho abambo mowa salawa n'komwe.

Amayi anapita nawo kuchipatala sabata yatha. Anawayeza malungo, sanawapeze, n'kuwapatsa panado. Lero masana tikusankha nyemba ndinafunsa:

"Amayi, munawauza adokotala za magetsi aja?"

"Magetsi atinso? Zijatu zinapola kalekale."

"Ndinawafunsa aphunzitsi a Bayoloje. Akuti magetsi amatha kuvulaza mitsempha ndi ubongo, mavuto ena n'kudzaoneka patapita miyezi."

"Ndiye iwe wa Fomu 3 ukawaphunzitse adokotala ntchito? Tasankha nyembazo, miyala ukuisiya."

Anaseka, koma ndinawaona akuyang'ana kukhonde kumene kunali abambo.

Loweruka abambo akufuna kupita ndi matumba a mbatatesi panjinga, kudzera pamtsetse wa kumsika uja. Dzanja lonjenjemeralo ndi limene limagwira buleki. Ndipo kumunsi kwa mtsetsewo kuli kona yoopsa ya pamlatho.

Amayi awanyengerera kuti mawa abwerere kaye kuchipatala, ndipo avomera. Koma abambo ndimawadziwa: adokotala akakawafunsa, akangoti "mutu basi." Amayi nawo akangokhala chete. Ine sindingayambe kufotokoza za kufooka kwa abambo anga eni ake ali pomwepo. Angachite manyazi kuposa a kutchalitchi aja.

Ndiye ndang'amba pepala pakati pa kope la Bayoloje. Ndalembapo za lata ndi waya, mwezi wake, dzanzi, kunjenjemera, kuiwala, ndiponso za njinga ya Loweruka. Sindikudziwa ngati ndi magetsiwo achititsa zonsezi, koma adokotala sangaganizire chinthu chimene sanauzidwe.

Mawa m'mawa ndipinda pepalali n'kuliika m'buku la kuchipatala la abambo, patsamba lenilenilo limene adokotala akalembepo. Bukulo ndinyamula ndine mpaka pageti la chipatala, kenako ndithamangira kusukulu, ngakhale akandipatse chibalo chifukwa chochedwa.