Chipinda cha ku Budapest Chosabweza Ndalama

Mu mzinda wa Toledo, kutsidya lina la nyanja yamchere, munthu akafuna kukaona mizinda ya ku Ulaya osang'ambika thumba, ankamulozera kwa Loretta Farkas, mayi wophika pasukulu ya pulaimale ya kutsidya kwa mtsinje. Ndiye anapezera aphunzitsi awiri malo ogona ku Rome pamtengo wozizira, ndiyenso anatsekereza abusa a pampingo wake atatsala pang'ono kulipira hotela ya ku Paris yopanda chikepe chokwerera kuzipinda za m'mwamba, iwo ali ndi msana wovuta. Obwerako ankamupatsa timaginito tomata pafiriji, mpaka chitseko chonse chinadzaza ndi mizinda imene mwini firijiyo sanapondemo.

Ntchito imeneyi ankaikonda kuposa kuphika, ndipo sankabisa. Akangovula epuloni, ankakhala pakompyuta khofi ali pambali, maso ali tong'o. Mtengo woyamba sankaukhulupirira. Ankayang'ana miyezi imene ana abwerera kusukulu, pamene mitengo imatsika, n'kufunsa ngati chakudya cha m'mawa chili momwemo, kenako n'kuimbira hotelayo mwachindunji, poti nthawi zina eni ake amatsitsa akamva mawu a munthu. Koma lamulo lake lalikulu linali limodzi: sungitsa chipinda chimene ungachikane mawa osaluza kalikonse. Ankasungitsa, n'kumadikira ngati mphaka pa una. Mtengo ukatsika, ankagwira chatsopanocho n'kukana chakale, tsiku limenelo ana a sukulu n'kulandira mbatatesi zosefukira m'mbale.

Mzinda wake iye unali Budapest, kumene makolo ake anachokera. Chaka ndi chaka ankasungitsako chipinda cha anthu awiri, n'kuuza mwamuna wake Wendell kuti atulutse masutikesi. Chaka ndi chaka, tsiku lomaliza lokanira mwaulere likayandikira, ankachikana, ati mtengo ukhoza kutsikabe. Bodza lenileni! Loretta ankaopa ndege. Sankafuna n'kuganiza komwe zokhala m'mwamba pansi pali nyanja yokhayokha. Lamulo lomwe linapulumutsa ndalama za theka la tauni ndilo linali khomo lake lothawira.

Wendell ankadziwa, koma sanamuyalutsepo. Anagwira ntchito moyo wake wonse ataimirira m'fakitale ya magalasi, ndipo mawondo anali kutha. Chimene ankalakalaka chinali chaching'ono: kuwoloka mlatho wa pa mtsinje wa Danube ku Budapest ndi miyendo yake, osati pa njinga ya olumala. Dokotala anamuuza mosapsatira kuti ngati pali ulendo woyenda pansi, usadikire zaka. Chaka chimenecho Wendell sanatulutse masutikesi, sanafunsenso za ulendo. Kukhala chete kwakeko kunkamupweteka Loretta kuposa kukalipiridwa.

Ndiye m'mawa wina chipale chofewa chinagwa chambiri, sukulu n'kutsekedwa. Loretta anatsegula kompyuta asanasambe n'komwe, ndipo zimene anaona zinamuimiritsa. Hotela ya ku Budapest yomwe ankaisirira chisirire, ya m'mbali mwa mtsinje, yokhala ndi maiwe a madzi otentha, inali itagwetsa mtengo ndi theka m'mwezi wa Meyi. Chipinda choyang'ana kumlatho, chakudya cha m'mawa momwemo, chikepe chilipo. Anawerenga kawiri, anapukuta magalasi, anawerenganso. M'zaka zonse zosaka sanakumanepo ndi chotere. Anavina m'khitchini atavala masilipasi, khofi n'kutayikira pansi, akuitana mwamuna wake ngati nyumba yapsa.

Wendell anabwera pang'onopang'ono atagwira khoma. Anawerama pakompyutapo, ndipo ndiye anaona timalemba tating'ono tam'munsi, timene katswiriyo analumpha ndi chisangalalo. Kulipira lero, zonse. Ndalama sabweza.

Kuvina kunathera pomwepo. Loretta anayamba kufotokoza zimene amafotokozera aliyense, kuti zipinda zotere n'zotchera anthu opupuluma, kuti munthu sadziwa za mawa, kuti mwina sabata yamawa kutuluka china chabwino. Ankalankhula mwachangu, osamuyang'ana.

"Usavutike, Lori," anatero Wendell, akukhala pampando mosamala. "Koma mtengo wotere usawonongeke. Imbira Darlene wa kwaya uja. Iyeyo akasungitsa amapitadi."

Sananene mopsa mtima, n'chifukwa chake zinalasa. Darlene! Darlene amene sadziwa n'komwe kuti Budapest ili mbali iti, akagone m'chipinda chimene iye wachisaka zaka zonsezi, akabwere ndi kamaginito? Loretta anatentha nkhope. Kenako anaona mwamuna wake akusisita bondo pansi pa tebulo, poganiza kuti sakuonedwa, ndipo mkwiyowo unasanduka manyazi. Anazindikira kuti munthuyu sankanyoza. Anali atasiyadi kuyembekeza.

Pakompyuta panalembedwa kuti zipinda zatsala ziwiri. Iye ankaphunzitsa anthu kuti mawu amenewo n'ongoopseza, koma tsiku limenelo anawakhulupirira ngati mwana. Anatenga khadi la kubanki m'chikwama, nalemba manambala, n'kulakwitsa, n'kuyambiranso. Anapuma kamodzi. Anadina batani lolipirira.

Uthenga wotsimikiza utafika, dzanja linapita lokha kukafuna pokanira, monga linazolowerera. Panalibe. Anasaka pamwamba, anasaka pansi, kenako anayamba kuseka, kuseka kosaletseka, misozi ili mbwembwembwe.

"Ndiye tikupitadi?" anafunsa Wendell chapansipansi.

"Ndalama sabweza, bambo iwe. Ukufuna ndiluze?"

"Nanga ndege ija?"

"Ndikuopabe. Ndidzakufinya dzanja mpaka uiwale za mawondo."

Wendell anadzuka, napita kukhomo, n'kuyamba kulimbana ndi majombo ake. Loretta anamufunsa kumene akupita kunja kukuzizira chonchi, chipale chisanachotsedwe n'komwe mumsewu. Iye anati mlatho uja ndi wautali, ndipo Meyi sali patali, ayenera kuyamba lero.

Loretta anatseka kompyuta, chinthu chimene sankachita m'mawa, n'kuvala jekete pamwamba pa zogonera. Anamupeza pageti akupuma, namulowetsa mkono m'khwapa, ndipo anayamba kuyenda.