Telala amene anafungatira mwana wa mng'ono wake

Mumpingo mwathu aliyense ankangowatchula kuti mayi Telala. Anali oyamba mwa ana aakazi awiri, ndipo akadali mtsikana ankasesa m'tchalitchi popanda wowatuma. Atakwatiwa, mphatso ya mwana sinabwere, mwamuna n'kuchoka. Anatsala ndi makina osokera pakhonde. Zovala za ubatizo za ana a anzawo ankasoka ndi iwo, mokongola ndithu, koma mtima ukuwawa.

Tsiku lina mng'ono wawo anabwera akumwetulira.

"Achemwali, mundikulitsireko diresili. Zinthu zasintha."

Mayi Telala anamuyeza m'chiuno, n'kuona kuti ndi woyembekezera. Mng'onoyo atachoka, iwo anagwada nati, "Ambuye, tinabadwa mimba imodzi. Ine ndinakulakwirani chiyani?"

Miyezi yochira isanakwane, mng'onoyo anabweranso. Mapazi anali atatupa mpaka nsapato osalowa, nkhope itafufuma, mutu ukumuwawa, m'maso akuona tinyenyezi.

"N'zapakati izi," anaseka. "Inu simungazidziwe."

Mawuwo anawalasa, ndipo anatsala pang'ono kumusiya apite. Koma anavindikira makina nati, "Zoona, sindizidziwa. Tiye tikafunse odziwa."

Kuchipatala namwino anapeza kuti magazi akuthamanga koopsa. Asanamalize kufotokoza, mng'onoyo anakomoka n'kuyamba kuphupha. Anamubaya jakisoni woletsa kukomoka, anamupatsa mankhwala otsitsa kuthamanga kwa magaziwo, ndipo dokotala anati kuti onse awiri apulumuke, mwana atuluke pomwepo ndi opaleshoni. Kanabadwa kamtsikana kosakwana masiku, kokwana m'zikhatho ziwiri.

Mayi wake anali asanadzuke, choncho namwino anafunsa amene angakafunditse ndi thupi lake. Mayi Telala anamasula mabatani. Anakamangirira pachifuwa ndi nsalu, khungu kukhungu, akukang'ung'uzira nyimbo ya Maria. Masiku amenewo anamva chimene anachilirira moyo wonse, ndipo ankachita mantha ndi mtima wawo, chifukwa popempherera mng'ono wawo kuti achire, lilime linkalemera. Komabe ankapemphera.

Mng'onoyo anachira. Atamupatsa mwana, mwanayo analira osatonthola.

"Mwamuzoloweretsa dala," anatero mng'onoyo misozi ili mbwee. "Mukufuna kundilanda."

Mayi Telala sanadziikire kumbuyo. Anamangirira mwanayo pachifuwa cha mayi wake, anamuphunzitsa mayiyo nyimbo ija mpaka mwana anagona, kenako anabwerera kunyumba kwawo kopanda phokoso, n'kukalira okha.

Mtsikanayo anakula wathanzi akuwatchula kuti amayi aakulu. Pa ukwati wake mayi Telala anakhala mzere wachiwiri, kumbuyo kwa mng'ono wawo. Zaka zonsezo ankaperekeza amayi oyembekezera a mumpingo kukayezetsa magazi, ndipo akaona wotupa mapazi sankamulola kugona kunyumba. Akafunsidwa ngati sizinkawapweteka, ankayankha kuti, "Zimapweteka. Nsanje ndimakhala nayo nyumba imodzi, koma makiyi ndimasunga ndine."

Atakalamba maso anachita khungu, makina n'kuima. Anamwalira mwakachetechete m'mawa wina atalandira Ukaristia, mtsikana uja atawagwira dzanja limodzi, mng'ono wawo linalo. Pa maliro, bambo mfumu atafunsa kuti ana a malemu ali kuti, mng'onoyo anamukankha mwana wake kutsogolo.

"Ndi uyu," anatero.

Mzimu wawo uuse mumtendere.