Zikhatho za Kumanzere pa Khoma Langa

Linali Lachinayi la sabata yachiwiri ya Meyi, belu la 12 koloko litangolira kusukulu ya mishoni, pamene ndinatula dengu la katondo pakhonde. Mvula inali itatha, mpunga titakolola, mwera utayamba kuomba moti mabwato onse anali pamtunda. Imeneyo ndiyo nyengo imene akazi a kunyanja tinkazira nyumba. Ine ndinali pachitengwa, kwao kwa amuna anga, iwo ali ku Halale pantchito. Ndinali ndi ana awiri, mtsikana wa zaka zitatu ndi khanda longoyamba kukwawa.

Kulankhula pagulu sindinkatha, koma kuzira ndinkatha. Khoma langa silinkang'aluka. Tsikulo ana sanandipatse mpata, wamkulu akukoka chilundu, wamng'ono akufuna kudya dothi. Choncho ndinatenga mapale atatu. M'limodzi ndinasungunula katondo wofiira, m'lina makala osinja, m'linalo phulusa loyera. Ndinawapatsa khoma la kumbali, lija loyang'ana kunjira ya kumadzi, kuti likhale lao.

Ndinamuonetsa mtsikanayo kuviika tsamba la chinangwa ndi kulidinda pakhoma. Tinagubuduzanso chitsononkho, chikusiya timadontho ngati ta nkhanga. Khandalo ndinalinyamula, ndinaviika kaphazi kake m'phulusa ndi kukagunditsa m'munsi, ilo likuseka poti madzi anali ozizira. Kenaka mtsikana anataya masamba, nayamba kuviika dzanja lake lenilenilo. Ndinamusiya, ine ndinapitiriza ntchito yanga kutsogolo.

Mlamu wanga, mlongo wa amuna anga, ndiye anaona. Ankachokera kumadzi mtsuko uli pamutu, ndipo anaima nthawi yaitali akuyang'ana khomalo.

"Mlamu, zala zazikulu zonsezi zaloza mbali imodzi. Dzanja lamanja mwanayu analisiya m'mimba mwanu kodi?"

Ndinapita kukaona. Zikhatho zinali zoposa makumi awiri, zofiira ndi zakuda, zonse za kumanzere. Ine ndinkadziwa kale kuti mwana wanga ndi wamanzere. Kwa chaka chathunthu ndinkamudyetsera m'nyumba kuti agogo ake asaone. Tsopano iye mwini anali atazilemba poyera, pakhoma limene mudzi wonse unkadutsapo. Mlamu anati ndifufute msanga ndi mtsiro asanabwere amayi. Ndinagwiradi mtsirowo, koma mwanayo anali ataima pomwepo, dothi mpaka m'zigongono, akundiloza zimene wapanga. Ndinaubweza m'dengu.

Chifukwa chake ndi ichi. Nanenso ndinabadwa wamanzere. Ndili wamng'ono anandimanga dzanja m'chiuno ndi luzi kwa masabata ambiri. Kusukulu aphunzitsi ankalimenya ndi rula ndikangogwira nalo choko, mpaka ndinasiya sukuluyo ndisanadziwe bwino kulemba kalata. Kuchokera pamenepo ndinayamba kuyang'ana pansi munthu akamandilankhula. Sindinkafuna kuti mwana wanga adzayang'ane pansi.

Apongozi anabwera dzuwa litapendeka, atamva kwa mlamu. Anali ndi luzi m'manja, lonyowetsa kale kuti lifewe. Sanali munthu wankhanza. Anakhala pamphasa nafotokoza modekha kuti dzanja lamanzere silipisa m'mbale ya anthu, silipatsira mlendo madzi, ndipo mtsikana wotere amasekedwa kubanja. Anati mwezi umodzi wokha ukwanira, mwana adzalira masiku atatu kenaka adzazolowera. Anawonjeza kuti ndinalakwa kubisa. Pamenepo ananena zoona.

Ndinali nditagwada chapatali, monga mkamwana amachitira. Pa zaka zinayi zimene ndinakhala pamudzipo ndinali ndisanawayankhepo china choposa "eya" ndi "zikomo". Koma tsikulo ndinayankha.

"Amayi, adzadya ndi lamanja, adzapereka ndi ulemu. Zimenezo ndimuphunzitsa ndine, ndipo mudzaona. Koma luzi ayi. Ngati nkhani ndi ya luzi, mwanayu ali ndi atsibweni ake ku Maganga. Akafunsidwe iwowo."

Onse ankadziwa kuti mwana ndi wa kuchikazi, ndipo kuti achimwene anga sangalole. Mlamu anabisa pakamwa ndi nsalu. Apongozi anandiyang'ana nafunsa:

"Kani mumalankhula, amake mwana?"

Ndinati ndimalankhula pang'ono. Iwo anati aona ngati pang'onopo pangaphunzitse mwana, ndipo akapereka kanthu ndi lamanzere pamaso pa alendo, manyazi adzakhala anga ndekha. Ndinavomera. Anadzuka napita kukayang'ana khomalo. Anafunsa za kaphazi koyera kam'munsi, ndipo atamva kuti ndi ka mdzukulu wao wamng'ono anati kakufanana ndi phazi la bambo wake, lotambalala ngati la bakha. Luzi analisiya pakhonde, osanena ngati alisiya dala kapena aiwala.

M'mawa mwake ndinatenga luzilo ndi kumangira mabango a thandala loyanikapo usipa, amene anali atamasuka ndi mwera. Ndinamusambitsa mtsikanayo, koma katondo sanachoke m'zikhadabo. Ndinatunga madzi m'chikho, ndinamugwiritsa ndi manja onse awiri, lamanja kutsogolo, lamanzere likuchirikiza pansi, ndipo ndinamutuma kwa agogo ake. Theka la madziwo linatayikira m'njira. Ine ndinaima pakhomo, mutu uli chilili, kufikira atagwada ndi kupereka.