Chaka Chimene Holo ya Bandi Inalibe Denga

Ndikamva fungo la mandimu osakaniza ndi phulusa, ndimakumbukira ku Kanyama, komboni imene ndinakulira. Ndi zimene bambo ankapukutira lipenga lawo lalikulu, lija lozinga thupi ngati nsato.

Holo ya bandi anaimanga makolo athu atangofika m'tauni kuchokera kumudzi, ndi njerwa zoumba okha. Ndimo ankaphunziriramo nyimbo za maukwati ndi za maliro. Pofika nthawi yathu malata anali atabooka ngati sefa, ndiye oimbawo anawasasula kuti akhome atsopano. Mitengo ya denga inapezeka yodyeka ndi chiswe, ntchito n'kuima. Mvula sinadikire.

Kukomboni nyumba yopanda denga imasowa mwini. Posakhalitsa Ba Chanda, mwini mabala awiri a mowa, anayamba kuzungulira makomawo ndi anyamata awo, osapereka ndi moni womwe. Amayi anamva kotunga madzi kuti akuuza anthu kuti bandi inafa, pamalopo amangapo bala lachitatu.

"Tizaliza chabe," anatero bambo. "Malo yamene yakamba siyatengewa."

Choncho masana aliwonse oimbawo ankaliza malipenga ataimirira m'madzi ofika m'akakolo, mabuluku atapinda. Madzi a ku Kanyama salowa pansi, amangokhala pathanthwe, obiriwira, onunkha zimbudzi. Bambo anayamba kutsokomola, amayi n'kusiya kuwalankhula. Oimba ankachepa tsiku ndi tsiku, ndipo ine ndinkachita mantha.

Tsiku lina Ba Chanda anafika ndi wilibala yodzaza simenti. M'holomo munali oimba atatu okha. Ndinali pawindo, ndikuonerera. Bambo atauzira lipenga, linangoti bwabwabwa. Analipendeketsa, kukhuthula madzi, kenaka anayambitsa nyimbo ya maliro, pang'onopang'ono.

Kwathu nyimbo imeneyo munthu saimvera m'nyumba. Azimayi anatuluka akumanga zitenje, akufunsana kuti watisiya ndani, mpaka khomo la holo linadzaza. Ba Chanda anaima pakati pawo, akuyang'ana pansi. Ndi nyimbo yomweyo imene bandi inaperekezera mayi awo kumanda. Anavula chipewa, n'kuuza anyamata aja kuti abweze wilibala.

Denga linakhomedwa mvula itatha, koma chifuwa cha bambo sichinathe, ndipo lipenga lija sanalilizenso. Ndinawakwiyira nthawi yaitali, poganiza kuti ankakonda nyimbo kuposa ife. Lero ndikamadutsa paholopo n'kumva ana akuphonya nyimbo pansi pa malata aja, ndimadziwa chimene mpweya wa bambo unagula.