Fa wa Amayi a Alito

Sukulu ndinalekera sitandade faifi, koma nyimbo ndapeka zambiri kuposa aphunzitsi amene ankandikwapula. Chaka chatha ndinapeka ya Pasaka, kwaya ya kumpingo kwathu nkuilandira. Ife tinazolowera do re mi wa pa bolodi, koma otsogolera kwaya anati tsopano tiziimba za pa mizere isanu, timitu takuda ta michira tija. Ndinapalasa njinga mpaka ku Chonde kwa alamu anga, mlongo wa malemu akazi anga, amene ali ndi kompyuta yolemba zimenezi. Ine kuimba, iwo kuika timitu.

Pa mawu oti "wauka", sopulano amaimba so, alito fa. Manoti oyandikana amenewa amakhulana m'khutu pang'ono, kenaka nkumasuka. Malemuwo ankandichita zimenezi dala tikamaimba pothyola tiyi, nkumandiyang'ana chammbali.

Pena ponse timitu tinaima kena pamwamba pa kanzake. Apa pokha kompyuta inakankhira ka alito kumanja. Tsono pa bolodi lathu, chimene chili kumanja chimabwera pambuyo. Amayi a alito anayamba kulowa mochedwa tsiku lililonse lophunzira.

"Amayi, mukudikira minibasi?" ndinawafunsa.

"Agogo, tikuimba zimene mwalemba. Kathu kali patsogolo apo, tifikepo bwanji msanga?"

Ndinabwerera ku Chonde.

"Alamu, kabwezereni pamzere kamutu aka."

"Malo palibe, alamu. Makinawa amakapatutsa kuti kaoneke."

"Kakokeni basi. Makinawo anaimbapo kwaya iti?"

Anakakoka. Timitu tiwiri tinamatana nkukhala ngati nkhupakupa yokhuta, osadziwika kuti so ndi uti, fa ndi uti.

"Mwaona? Tsitsani alito aziimba mi. Timitu tiima tokha, inu mukapume."

"Mi angaimbe aliyense. Fa ameneyu ndi wa mlongo wanu."

Anavula magalasi, nkuwapukuta nthawi yaitali ndi malaya. Atavalanso anati tiyese zina. Tinachepetsa timitu, koma tinaona kuti amayi a alito aja sakanationa. Tinatalikitsa malo, kamutu kanapatukabe. Ine pampando sindinachoke, ngakhale akazi a alamuwo anadutsa kawiri ndi tsache pamapazi anga.

Kenaka ndinati, "Kodi anakulamulani ndani kuti sopulano ndi alito azigona nyumba imodzi? Amangireni alito yawo."

Anawapatsa mizere yawo isanu, pansi pa ya sopulano. Mapepala anachuluka, koma fa anaima ndendende pansi pa so. Ndinaika ndodo ya tsache pagalasi la kompyuta kuti nditsimikize.

Lachinayi amayi a alito analowa pa nthawi yake, mwamphamvu. Mawu awiri aja anakhulana bwinobwino. Otsogolera kwaya anakwinya nkhope, anayang'ana pepala, nkuyang'ana ine, dzanja lili m'mwamba.

"Pitirizani, achimwene," ndinatero. "Palibe walakwa. Amaimbidwa choncho."